Mpeni wa sipuling'i ukang'aluka m'mafuta, uthyoleni muone chimene chavuta

Amene munasulapo mpeni mukukadziwa kaphokoso kameneka. Mwautulutsa pamoto uli psuu, mwaumiza m'mafuta, utsi uli tolotolo, ndiye pakati pa zonsezo pamveka "ting'" ngati munthu wagogoda botolo ndi chikhadabo. Dzanja limene lagwira mbaniro ndi limene limayamba kumva, khutu pambuyo. Mukaupukuta n'kuuyang'ana powala, kamzere kowonda ngati tsitsi kanyamuka kukuthwa kulunjika kumsana. Thukuta la masabata atatu lathera pomwepo.

Ine ndimasula kuseri kwa nyumba, pakashedi ka malata kopanda zipupa. Chipala changa ndi diramu ya mabuleki a lole, mphepo imachokera ku fani yoyendetsedwa ndi gudumu la njinga, ndipo posulira ndi chidutswa cha njanji. Pa mipeni isanu ndi umodzi ya sipuling'i ya galimoto imene ndinayamba nayo, inayi inang'aluka. Ndinasintha mafuta kawiri poganiza kuti vuto ndi iwowo, koma sizinathandize. Amene ananditsegula maso ndi mdala wina wosula makasu ndi nkhwangwa. Nditawaonetsa mpeni wachinayi anaupana pavayisi, n'kuuthyola ndikuona, n'kundiuza kuti ndiyang'ane pothyokapo. Kuyambira tsiku limenelo sinditaya mpeni wong'aluka ndisanauthyole, chifukwa nthawi zambiri mng'alu umakhala utabadwa kale, pamoto, panyundo kapena pagirayinda. Mafuta amangoululira.

Chimene chimachitika mkati mwa chitsulo nchakuti, chikatentha kufika cha m'madigiri 800 a Celsius, kaboni amene ali mmenemo amasungunukira m'chitsulo monga amachitira shuga m'tiyi wotentha. Mukachiziziritsa mofulumira, kaboni uja amasowa mpata wobwerera pamalo pake, amapanikizika, ndipo chitsulo chimauma gwa ngati galasi, n'kufufumako pang'ono. Kukuthwa nkopyapyala, choncho kumazizira msanga n'kuyamba kufufuma pamene kumsana kudakali kotentha. Mbali ziwirizi zimakokana. Ngati penapake pali pofooka, mpamene pamatseguka. Ntchito yathu ndi kupeza chimene chinafooketsa malowo.

Kuthyola ndi kuwerenga

Yambani mwatsuka mpeniwo ndi kuukwecha ndi sandipepala kuti makoko akuda achoke. Ngati mng'alu sukuoneka bwino, pakani palafini, dikirani pang'ono, pukutani mpaka pauma, kenako perani choko n'kuwaza ufa wake pamwamba. Palafini amene analowa mumng'alu amabwerera n'kudetsa choko, ndipo mzere wonse umaonekera, ngakhale timing'alu tina timene simunatione.

Mukatero valani magalasi oteteza maso, panani mpeniwo pavayisi pamene pali mng'alupo, funditsani chiguduli kuti tizidutswa tisauluke, n'kumenya ndi nyundo. Tengani chidutswacho mupite nacho powala. Pali zinthu ziwiri zoti muone: mtundu wa pothyokapo, ndi kukula kwa timibulu ta chitsulo. Chitsulo chimene chatenthedwa bwino chimathyoka motuwa ndi mosalala, timibulu take osaoneka ndi maso, ngati ufa woyera wosefa. Chimene chapsa chimakhala ndi timibulu tonyezimira ngati shuga, mwina totupa ngati mchere wa pamsika. Wanga uja unali waliwali, mibulu yake yowerengeka ndi maso. Mdala uja sanalankhule zambiri. Anangoti, "Mwana wanga, wauwotcha."

Pothyokapo pali banga lakuda kapena ladzimbiri

Ngati mbali ina ya pothyokapo ndi yakuda bii pamene mbali yotsala ndi yoyera, mng'aluwo unalipo mpeni usanalowe m'mafuta. Moto ndi mpweya zinalowa mumng'alu n'kuudetsa. Magwero ake ndi awiri.

Loyamba ndi sipuling'i yeniyeniyo. Tisaiwale kuti chitsulo chimene timagula kwa ogulitsa zitsulo zakutha chanyamula katundu zaka zambiri m'misewu ya mabampu, chikupindika ndi kuwongoka kosawerengeka. Kutopa kotereku kumabala timing'alu tosaoneka, makamaka pafupi ndi bowo la bawuti yapakati, m'mphepete, ndi pamene dzimbiri ladya n'kusiya maenje. Sipuling'i imene inachotsedwa pagalimoto chifukwa chothyoka musaigule, ngakhale atakutsitsirani mtengo, poti pamene panathyoka kamodzi pali abale ake amene akudikira. Sankhani yosakumbika ndi dzimbiri, dulani kutali ndi bowo, ndipo musanayambe kusula chotsani khungu lonse ndi girayinda mpaka chitsulo chiwale, muyese ndi palafini ndi choko muja.

Lachiwiri ndi nyundo yanu. Chitsulo cha sipuling'i chimafuna kumenyedwa chili cha mtundu wa olenji wowala. Chikatsika kufika pofiira moderako, siyani, bwezerani pamoto. Ndikudziwa kuti mtima umafuna kuwonjezera kawiri katatu poona kuti kwatsala pang'ono kuwongoka, komanso makala ndi odula. Koma nkhonya zomalizazo nzimene zimang'amba chitsulo mkati. Samalaninso posula nsonga: ngodya ikapindikira pamwamba pa chitsulo chinzake n'kumenyeredwa pomwepo, pamaoneka ngati pagwirana koma sipanagwirane. Mukaona kamlomo kotero kadyeni ndi tupa kapena girayinda nthawi yomweyo musanapitirize.

Timibulu tatupa ngati shuga

Apa mpamene ambiri timagwera, ndipo ndikhalitsapo.

Masipuling'i ambiri a galimoto amapangidwa ndi chitsulo chotchedwa 5160 kapena china chofanana nacho, chokhala ndi kaboni pafupifupi 0.6 peresenti ndi mtundu wina wa chitsulo wotchedwa chromium pang'ono. Sindikuti onse, chifukwa opanga ndi osiyanasiyana ndipo pasipuling'i sipalembedwa. Chitsulo cha mtundu umenewu chimakhwima bwino chikamizidwa chili pa madigiri pafupifupi 830. Moto wa makala wopemereredwa bwino umapitirira madigiri 1,000 mosavuta. Ndiye kusiyana kwa mpeni wabwino ndi wakupsa ndi kanthawi kochepa kamene mwatembenuka kuti muyang'ane mafuta. Chitsulo chikapyola muyeso timibulu timakula, ndipo timibulu tikuluti sitigwirana mwamphamvu. Mpeni wotero ngakhale utapulumuka m'mafuta udzabenthuka kukuthwa tsiku limene udzakumane ndi fupa la mbuzi.

Maso amanama, makamaka masana. Chitsulo chimene padzuwa chikuoneka chofiira pang'ono, mumdima chimakhala cha olenji, kutanthauza kuti chapitirira kale. Nchifukwa chake ine ndimasula masana koma kukhwimitsa ndimadikira chisisira, kapena mbandakucha. Ndimachita nthawi yofanana tsiku lililonse kuti maso azolowere mtundu umodzi. Musathawire m'nyumba kapena m'galaja yotseka pofuna mdima. Makala amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'chipinda mwezi wa June.

Popeza ambirife tilibe choyezera kutentha kotere, pali zinthu ziwiri zotchipa zimene sizinama. Choyamba ndi maginito. Chitsulo chimaleka kukokedwa ndi maginito pa madigiri pafupifupi 770. Maginito a sipika yakufa ya wailesi amakwana. Amangirireni pawaya pafupi ndi chipala kuti muzingogunditsako mpeni mwachangu n'kubwezera pamoto. Koma dziwani kuti pamene maginito alekera kugwira simunafike. Ambiri amamiza pomwepo ndipo mpeni sukhwima, ena poopa zimenezo amapitiriza kwambiri mpaka kuuwotcha. Chachiwiri ndi mchere wa patebulo, umene umasungunuka pa madigiri 801. Ikani kamulu kakang'ono pampeni. Ukasungunuka n'kuyenderera ngati madzi, mwadutsa 800. Kwa chitsulo cha sipuling'i onjezerani pang'ono pokha, mtundu ungowala kamodzi kuposa pamenepo, basi. Mukachita zimenezi kangapo pachidutswa chachabe, maso amaugwira mtunduwo ndipo mchere simuufunanso.

Vuto lina ndi lakuti mpeni sutentha mofanana. Nsonga ndi kukuthwa zimapsa kale pamene pafupi ndi chigwiriro padakali pakuda. Chimene chinandithandiza ine kuposa china chilichonse ndi paipi. Pezani chidutswa cha paipi yachitsulo yokhuthala, yotakata moti mpeni ulowe, muikwirire m'makala ndipo mudikire mpaka yonse ifiire mofanana. Mpeni muuike mkatimo msana uli pansi. Umatenthedwa ndi paipi, osati ndi mphepo ya fani, ndipo mukhoza kuuyang'ana bwinobwino mukusuzumira kukamwa kwa paipiyo. Kachidutswa ka khala kamene mungaponye mkatimo kamadya mpweya n'kuchepetsa makoko. Paipiyo isakhale yagalavanaizi, ija yotuwa ya madzi, chifukwa zinki akapsa amatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa, usiku wake munthu kumva malungo ndi kuphwanya m'thupi. Ngati paipi palibe, yambani kutenthetsa kokhuthala, nsonga ili kunja kwa moto, muziyendetsa mpeni uku ndi uku, ndipo fani muichepetse kwambiri pamene mtundu wayamba kubwera. Mukafika pamuyeso sungani pomwepo kwa mphindi ziwiri kapena zitatu ngati mungathe osapitirira. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Chinanso chimene ndinkachidumpha osadziwa. Posula timatenthetsa chitsulo kwambiri, ndiye ngakhale mutasamala bwanji pokhwimitsa, timibulu timakhala titakula kale. Mankhwala ake ndi chimene m'mabuku amati normalizing. Mukamaliza kusula, tenthetsani mpeni kupitirira pang'ono pamene mumakhwimitsira, utulutseni, muugwire m'malere mopanda mphepo mpaka ude. Bwerezani kachiwiri pa kutentha kotsikirapo, cha pamene mchere umasungunukira. Kachitatu fikani pongolekera maginito. Ulendo uliwonse timibulu timabadwanso tating'ono. Mukachita mumdima mudzaona chinthu chokongola: pamene mpeni ukuzizira, kuwala kumabwerera mwadzidzidzi n'kuyenda ngati mthunzi kuchokera kopyapyala kupita kokhuthala. Nchitsulo chikusintha mkati. Ntchito yonseyi sikwana theka la ola, ndipo kwa ine ndi imene inachotsa mibulu ya shuga ija.

Ngati posula munaona chitsulo chikuthetheka tinyenyezi chili pamoto, malo amenewo apserera ndipo sachira. Dulani mutaye.

Pothyokapo mposalala bwino, koma wang'alukabe

Ngati ufa ndi wosefa ndipo palibe banga lakuda, moto munautha bwino. Tsono yang'anani pamene mng'alu wayambira.

Ukayambira kukuthwa, kawirikawiri munanola kwambiri musanakhwimitse. Mpeni usalowe m'mafuta uli wakuthwa. Siyani kukuthwa kuli kokhuthala pafupifupi milimita imodzi, ngati kamtengo ka machesi kong'ambidwa pakati, ndipo muzungulize ngodya zake ndi sandipepala. Zotsalazo mudzadya mpeni utakhwima. Onaninso mikwingwirima ya girayinda. Disiki yokhakhala imasiya timigula takuya toyenda kuchokera kumsana kupita kukuthwa, ndipo mng'alu umatsata kamodzi mwa timeneti monga amachitira madzi a mvula pakanjira. Mukaunika mng'alu wanu mudzapeza kuti wagona ndendende mumzere wa girayinda. Kwechani ndi sandipepala wa nambala 120, kenako wosalalirapo wa 220, moyenda mlitali mwa mpeni, mpaka mizere yopingasa itheretu.

Ukayambira paphewa, pamene mpeni umapyapyalira kukhala msuka wolowa m'chigwiriro, vuto ndi ngodya yakuthwa. Ngodya ya sikweya imasonkhanitsa mphamvu yonse pamalo amodzi. Pamenepo gwiritsani tupa yobulungira, ija yonolera tcheni cha makina ocheka mitengo imachita bwino, kuti pakhale pokhota. Chimodzimodzi mabowo a mapini: aboolenitu musanakhwimitse, muchotse milomo yake ndi kubowola pang'ono ndi dirilo yokulirapo, ndipo asayandikane ndi mphepete. Chizindikiro chanu mukachidinda chitsulo chitazizira, nachonso chikhoza kukhala poyambira.

Madzi, oyilo wakuda, ndi mafuta ophikira

Akuluakulu osula makasu ambiri amamiza m'madzi ndipo zimawayendera, koma khasu ndi lokhuthala ndipo iwo amadziwa kuviika kukamwa kokha ndi kutulutsa pa nthawi yake, luso la zaka makumi. Mpeni wopyapyala wa sipuling'i m'madzi ndi kuchita mwayi. Chromium amene ali m'chitsulochi amachititsa kuti chikhwime ngakhale chikazizira mosathamanga, choncho madzi amachiwawa kopitirira. Madzi a mchere ndiye oposa.

Oyilo wakutha wa injini ndi amene amapezeka mwaulere, ndipo nanenso ndinayambira pamenepo. Ndinamusiya. Utsi wake ndi woipa m'mapapo, amayaka msanga, ndipo simudziwa zimene zasakanikiramo, mwina petulo, mwina madzi. Mafuta ophikira a mpendadzuwa kapena a soya amagwira ntchito yabwino pa sipuling'i. Ndi odula, inde, koma malita asanu amakhala nthawi yaitali mukamawavundikira ndi kuwasefa. Musachepetse: kachitini ka lita imodzi kamatentha msanga ndipo mpeni sukhwima mofanana. Chotengera chikhale chachitsulo, chakuya moti mpeni wonse umire choimirira, ndipo chivundikiro chikhale pafupi. Mafuta akayaka vundikirani. Musathire madzi, moto ungakulumphireni kumaso.

Mafuta ozizira ndi olemera, sayenda bwino pachitsulo. Afunditseni kufika pafupifupi madigiri 50 pomizamo chidutswa cha chitsulo chamoto kawiri kapena katatu n'kutakasa. Chala chizitha kugundako koma osakhalitsamo. Chitinicho chikhale pafupi ndi chipala, phazi limodzi lokha, chifukwa kukuthwa kumazizira mumphepo mukamayenda nako. Mizani nsonga patsogolo, mowongoka, ndipo muziyendetsa mpeni ngati mukucheka mafutawo, kukuthwa ndi kumsana. Mukaupalasa cham'mbali ngati nkhafi, mbali imodzi imazizira kuposa inzake ndipo umatuluka wopindika ngati nthochi.

Za kupindikaku ndingonena mwachidule. Mukautulutsa m'mafuta patatha masekondi khumi kapena khumi ndi asanu, udakali wotentha moti ukufuka utsi, pamakhala kanthawi kochepa kamene umalola kuwongoledwa ndi manja ovala magolovesi achikopa, kapena kupanidwa pakati pa zitsulo ziwiri zosalala. Kanthawiko kakadutsa musaukakamize, uthyoka. Dikirani muuwongole pofewetsa, ntchito imene ndifotokoze m'munsimu, mutaupana pachitsulo chowongoka ndi kawashala pansi pa malo opindikawo.

Unatuluka bwino madzulo, mmawa mwaupeza wong'aluka

Izi zinandichitikira kamodzi ndipo zinandipweteka kuposa zina zonse. Mpeni unatuluka wowongoka, tupa ikutsetsereka, ndinaugoneka pabenchi kuti ndimalize mawa. Kutacha unali ndi mng'alu kuchokera kukuthwa mpaka pakati. Chitsulo chongokhwima kumene chimakhala chokokana mkati ngati chingwe chomangidwa kwambiri, ndipo chimapitiriza kusintha pamene chikuzizira usiku. Chiyenera kufewetsedwako, chimene ena amati tempering, nthawi yomweyo chikangofika pogwirika ndi dzanja. Ngati mukudziwa kuti simukhala ndi nthawi yofewetsa, musakhwimitse tsiku limenelo.

Amene muli ndi uvuni wa magetsi, uyatsenitu musanamize mpeni. Kwa mpeni wa kukhitchini kapena wosendera, madigiri 200 kwa maola awiri, muutulutse uzizire, mubwerezenso maola ena awiri. Tsukani mafuta onse ndi sopo kaye, chifukwa uvuniwo ndi wophikira chakudya cha banja, ndipo pemphani eni khitchini. Manambala a pauvuni sakhala olondola nthawi zonse ndipo kutentha kumakwera ndi kutsika, choncho kwirirani mpeni muthireyi ya mchenga wouma kuti utenthedwe mofatsa.

Magetsi akazima, kapena ngati uvuni mulibe, njira ya makolo ilipo ndipo ndimaikonda. Kwechani mbali imodzi ya mpeni iwale mbee, osaigwiranso ndi zala zamafuta. Tenthetsani chitsulo chokhuthala mpaka chiyambe kufiira, chichotseni pamoto, n'kukhazikapo msana wa mpeni, kukuthwa kuli m'mwamba. Apa pakufunika kuwala kwa masana kapena tochi yabwino. Mitundu imayamba kumsana n'kumakwera: woyamba wotuwira ngati udzu wouma, cha m'madigiri 220, kenako wa tiyi wopanda mkaka, kenako wa biringanya, pomaliza buluu, cha m'madigiri 300. Chimene mukufuna nchakuti mtundu wa udzu wouma ufike kukuthwa pamene msana uli wa biringanya kapena buluu. Ukangofika, mizani m'mafuta kuti kutentha kuime. Nsonga imathamanga, choncho isendezeni kunja kwa chitsulo chotenthacho. Kwechaninso n'kubwereza kawiri kapena katatu, chifukwa njirayi ndi yachangu ndipo ulendo umodzi sulowa mpaka mkati. Chikwanje kapena mpeni wotemera umafuna kufewa kuposa apa. Lolani mtundu wa tiyi kapena wa biringanya ufike kukuthwa.

Mukafewetsa, pomaliza kunola ndi girayinda muzimiza m'madzi pafupipafupi, ndipo gwirani ndi manja opanda magolovesi kuti muzimva kutentha. Kukuthwa kukachita buluu pamenepo pafewa, ndipo padzabuntha msanga kuposa pena ponse.

Wathyoka pamene munawotcherera

Ambiri a ife tili ndi kamakina kowotcherera, ndipo sipuling'i ikachepa timalumikiza bawuti kapena kachitsulo kofewa kuti msuka utalike. Palibe cholakwika, koma chitsulo cha kaboni wambiri sichiwotchereredwa ngati geti. Mphepete mwa chowotchereracho mumatentha kwambiri, kenako chitsulo chozizira chozungulira chimayamwa kutenthako mofulumira, ndipo malowo amadzikhwimitsa okha n'kukhala ngati galasi. Nthawi zina mng'alu umabwera patapita maola. Mukathyola mupeza kuti chowotchereracho chili bwinobwino, chathyoka ndi chitsulo cha pambali pake.

Wotchererani musanakhwimitse mpeni, osati pambuyo. Tenthetsani malowo kaye mpaka chitsulo chokwechedwa chichite buluu, muwotcherere chidakali chotentha, ndipo mukamaliza kwirirani m'phulusa louma chizizire chokha. Kenako chitani normalizing uja pamodzi ndi mpeni wonse. Marodi owotcherera a 6013 ndi amene ali paliponse ndipo amatheka mukatsata zimenezi, koma a 7018 ndi abwinopo pachitsulo chotere, bola akhale ouma. Akayamwa chinyezi ubwino wake watha. Mfundoyo isakhale paphewa. Siyani msuka wa chitsulo cha mpeni womwewo utalike masentimita anayi kapena asanu kulowa m'chigwiriro, mulumikize kumeneko kumene mphamvu ndi yochepa. Bawuti ikakhala yonyezimira ya zinki, idyeni kaye ndi girayinda mpaka chitsulo chenicheni.

Mwaleka kung'amba, tsopano sukukhwima

Munthu akang'ambitsa mipeni ingapo amayamba kuopa moto, ndipo vuto limatembenuka. Yesani ndi tupa yatsopano musanafewetse. Pampeni wokhwima tupa imatsetsereka ndi kulira ngati pagalasi. Pawofewa imaluma n'kutulutsa ufa. Koma musafulumire kuweruza. Chitsulo chikakhalitsa pamoto, khungu lake limataya kaboni n'kukhala lofewa pamene mkati muli gwa. Pitirizani kukwecha pamalo amodzi kangapo. Ngati tupa yaluma poyamba kenako n'kuyamba kutsetsereka, mpeni wakhwima, khungulo lidzachoka ponola.

Ikalumabe mpaka mkati, mwina munamiza pongolekera maginito osafika pamuyeso, mwina munachedwa pakati pa moto ndi mafuta, mwina mafuta anachepa. Zonsezi zimakonzeka: chitani normalizing kamodzi n'kukhwimitsanso. Chosakonzeka ndi chitsulo chopanda kaboni wokwanira. Fulatiba ya mageti ndi mawindo siikhwima ngakhale mutaimiza m'chiyani, ndipo zitsulo zomangira nyumba nzosadalirika, china chimakhwimako china ayi. Gunditsani pagirayinda muone: chitsulo chofewa chimatulutsa mizere yaitali ya moto yopanda nthambi zambiri, cha kaboni wambiri chimathetheka tinyenyezi tophulika tambirimbiri. Amene mumapanga mipeni kuchokera ku tupa zakutha, dziwani kuti tupa zina zotchipa nzokhwima khungu lokha, mkati muli chitsulo chofewa. Tupa yabwino ili ndi kaboni wambiri kuposa sipuling'i, imafuna kutentha kotsikirapo, cha pamene mchere umasungunukira, ndi kuzizira kofulumirapo. Mafuta ophikira ofunda amaikhwimitsa ikakhala yopyapyala, koma yokhuthala ikhoza kukhwima kukuthwa kokha.

Nchifukwa chake sipuling'i iliyonse yatsopano ikafika pashedi panga, ndisanajambulepo mpeni ndimadulako tizidutswa titatu totalika ngati chala n'kutisula kufika pakupyapyala kwa mpeni. Kamodzi ndimakamiza pongosungunuka mchere, kachiwiri mtundu utawala kamodzi kuposa apo, kachitatu ndimakapsereza dala. Ndimatiyesa ndi tupa, n'kutithyola tonse titatu, n'kutindandalika pabenchi. Kamene kali gwa ndiponso kosalala ngati ufa woyera ndiko kandiuza mtundu woti ndiufune madzulo a tsiku lokhwimitsa. Ndimatisunga m'kachitini ndi kapepala kolemba sipuling'i imene tinachokera, ndipo mnzanga akabwera ndi mpeni wake wong'aluka timathyola wakewo n'kuyerekeza ndi timeneti.

Mpeni umene wang'aluka kale musauwotcherere n'kuupera kuti mng'alu ubisike, ndipo musaupereke kwa munthu. Udzathyokera m'manja mwa mayi akudula nkhuku, kapena mwana akusenda nzimbe. Ngati mng'alu uli kufupi ndi nsonga ndipo pothyokapo mposalala, dulani masentimita awiri kupitirira pamene mzere wa choko wathera, muyesenso ndi palafini, ndipo chotsalacho chisanduke kampeni kosendera mbatata. Ngati mibulu ndi ya shuga koma chitsulo sichinapserere, chidutswa chopanda mng'alu chibwerere pamoto, normalizing katatu, muthyoleko kansonga muone ngati ufa wasefeka musanachiwonongerenso nthawi.